Kawezulo kanalira, koma bamboyo anatuluka m'dzenjemo?

Mayi a Thoko: Abale anga a pagulu pano, mwaswera bwanji? Amene munatiuza kuti tionere filimu ya Prisoners ija bwerani poyera tikambirane. Ndakhala maola awiri ndi theka mtima uli m'mwamba, nsima mpaka kuzizirira m'mbale, ndiye pamene wapolisi uja wangocheuka kuti wamva kawezulo, chithunzi n'kuda bii, maina n'kuyamba kukwera. Basi? Bambo uja anamutulutsa m'dzenje muja kapena anafera momwemo? Ine zandiwawa kwambiri.

Kondwani: Ndine ndinanena mayi. Ndipo sindikubweza mawu, mathero amenewo ndi amene ndimaikondera filimuyi.

Mayi a Thoko: Ndiye undifotokozere bwinobwino mwanawe, chifukwa poyamba ndinayesa kuti bandulo yandithera. Ndinachita kubweza kuti ndione ngati yadumpha.

Kondwani: Siinadumphe ayi. Wopanga filimuyi, Denis Villeneuve, anaidula dala pamenepo. Taganizani, filimu yonse ija wapolisi Loki tamuona kuti ndi munthu wosagwa mphwayi. Wagogoda nyumba ndi nyumba, watsikira m'chipinda chapansi kwa wansembe kuja, wathamanga ndi mwana kuchipatala magazi akutsikira m'maso. Munthu wotero angamve kawezulo kawiri katatu n'kukwera galimoto kumapita? Sizingatheke. Yankho anatipatsa kale, kungoti sanationetse ndi maso.

Amalume Phiri: Ana inu mumakonda zovuta. Ife takulira ku Mbare kuno tikuonera bayisikopo ku Stodart Hall, ndipo lamulo linali limodzi: ekita safa, woipa amalandira zake, anthu n'kutuluka m'holo akuimba m'manja. Munthu walipira ndalama yake, wakhala pansi nthawi yonseyo, ndiye pomaliza umuuze kuti kamalizitse wekha kunyumba? Ntchito imeneyo ndi ya wopanga filimu, si yanga.

Nabanda: Amalume, ndikumva kudandaula kwanu, koma mundilole nditsutseko pang'ono. Funso lakuti atuluka kapena satuluka si limene filimuyi inatifunsa. Chiyambire inkatifunsa kuti bambo amene mwana wake wabedwa angafike pati, ndipo akafika pamenepo akhalabe munthu wabwino? Bamboyo, Keller uja, anagwira Alex, mnyamata wa nzeru za kamwana, n'kumutsekera m'nyumba yogumuka, kumumenya mpaka nkhope kutupa osaoneka maso, kenako kumukhomera m'kabokosi n'kumamuthira madzi otentha. Pamapeto pake tikupeza kuti Alex nayenso anali mwana wobedwa, ndipo wakuba weniweni ndi mayi uja ankadzitcha azakhali ake. Ndiye akanationetsa Keller akutuluka m'dzenje, mkazi wake akumukumbatira, nyimbo yokoma ikulira, tonse tikanamukhululukira pompo. Tikanamuiwala Alex. Wopanga filimu sanafune kutipatsa mpata umenewo.

Ndipo kumbukirani kuchipatala kuja mkazi wa Keller anafunsa wapolisi ngati mwamuna wake akapezeka adzapita kundende, wapolisi n'kuvomera kuti mwina adzapitadi. Choncho kutsogolo kwake tikukudziwa: achoka m'dzenje kukalowa m'chitokosi.

Mayi a Thoko: Apo achemwali mwandikumbutsa. Mawu a kuchipatalawo ndinawamva koma sindinawasunge. Komabe mtima wanga sunakhazikike, ndipo tsopano ndazindikira pamene pakundiwawa. Si bamboyo ayi. Ndi Alex. Mwana wa eni ake wazunzika zaka zonsezo m'manja mwa mayi woipa uja, wazunzikanso m'manja mwa Keller, ndiye zakuti wabwerera kwa makolo ake tikungoziona pa nyuzipepala, kamphindi kochepa. Mayi ake aja anationetsa akuonera tepi ya mwana wawo tsiku ndi tsiku. Bwanji sanationetse akumulandira? Ine ndine kholo, ndimafuna ndione zimenezo.

Nabanda: Pamenepo ndiye sindikutsutsani.

Che Jafali: Moni nonse, ndangofika kumene kuchokera ku Blantyre. Inu mukulimbana ndi ya azungu, ine ndikuti mathero okhutiritsa ali mu Drishyam, filimu ya ku India. Ndinaiyamba m'basi titangochoka pa Nyamapanda, foni n'kuthima tisanafike ku Tete, ndipo masiku onse amene ndinali kumudzi mutu unali pa filimu imeneyi mpaka ndinaimaliza. Bambo wosaphunzira, sukulu analekeza sitandade 4, ntchito yake yolumikizira anthu matchanelo a TV, nzeru zonse anazitola poonera mafilimu. Mwana wake wamkazi wapha mwangozi mnyamata amene anamujambula akusamba n'kumamuopseza. Tsoka ilo mnyamatayo ndi mwana wa mkulu wa apolisi. Bamboyo n'kuphunzitsa banja lonse chonena, kusunga matikiti a basi, malisiti a ku lesitilanti, kucheza ndi kondakitala kuti adzamukumbukire. Apolisi akumba kuseri kwa nyumba n'kupeza nyama yakufa m'malo mwa mtembo. Ndiye pomaliza penipeni atationetsa kumene anaukwirira, ine ndinaimirira.

Tiyamike: Che Jafali chonde musatchule malowo! Ena sitinaonere.

Che Jafali: Pepani mwanangu, ndatseka pakamwa.

Bambo a Mphatso: Tikumbutsane lamulo la gulu lino. Filimu imene tagwirizana kuti tonse tionere, ngati Prisoners, timakamba momasuka. Ina iliyonse, yambani mwachenjeza musanaulule mathero. Pitirizani.

Kondwani: Che Jafali, mwaonera iti? Ilipo ya Chimalayalam ya 2013 ya Mohanlal, yomwe ndi yoyambirira, ndiye pali ya Chihindi ya 2015 ya Ajay Devgn.

Che Jafali: Ya Ajay Devgn, ija amangobwereza za pa 2 ndi pa 3 Okutobala mpaka mboni zonse kuyamba kukhulupirira kuti zinawaonadi masiku amenewo.

Amalume Phiri: Imeneyo nanenso ndinaionera ndi adzukulu ndipo ndinaikonda. Mwaona, mathero ake ndi omveka. Palibe chotsala.

Nabanda: Amalume, apa ndiye mwandidabwitsa. Mwangonena kumene kuti wolakwa azilandira zake. Mu Drishyam munthu wafa, mtembo wabisidwa, banja lonse lanama pamaso pa lamulo, ndipo palibe amene wamangidwa. Nanga bwanji mwakhutira?

Amalume Phiri: Wandigwira pakamwa mwana wa achimwene. Ndiganize kaye.

Ndikuona chonchi. Agogo anga ochokera ku Dedza ankatisimbira nthano madzulo, iwo akati padangotero ife tili tonse. Kalulu ankanama, ankapusitsa Njovu ndi Mkango, koma palibe mwana ankadandaula kuti Kalulu sanalangidwe. Tinkasangalala chifukwa wamng'ono wapulumuka m'kamwa mwa wamkulu pogwiritsa ntchito mutu. Bambo uja ndi Kalulu. Apolisi aja anamenya mkazi wake, anamenya ndi kamwana komwe. Ndiye chilungamo chimene mtima wanga unkafuna sichinali cha m'khoti. Koma chinanso, nthano ikatha agogo ankanena kuti kaphuleni mbatata, ife n'kuyankha kuti yapserera, aliyense n'kudziwa kuti yatha, tikagone. Chimene ndikukana ine ndi filimu yongozimiririka osatsanzika.

Mayi a Thoko: Koma inu mukuiwala mayi a mnyamata wophedwayo. Mwana wawo anali woipa, inde, koma anali mwana wawo. Pamene makolo aja anabwera kwa bamboyo atavula maudindo onse, kungopempha kuti atiuze ngati tiziyembekezerabe mwana wathu, ine ndinalira. Kwathu munthu sugona tulo ngati sunaike m'bale wako m'manda. Taonani mmene timavutikira kuno ku Harare kusonkha ndalama m'mabungwe a maliro kuti wathu aikidwe mwaulemu, ena mpaka kunyamula thupi kudutsa nalo ku Mozambique kukafika kumudzi. Ndiye mayi uja sadzaona ngakhale manda. Ine sindinaimirire ngati Che Jafali, ndinakhala chete.

Che Jafali: Zoona mayi, mbali imeneyo imaluma. Koma kwa ine ndi chifukwa chake filimuyi ili yabwino. Sanabise kuti kupambana kwa bamboyo kuli ndi mtengo wake. Ndipo gawo lachiwiri likuyambira pomwepo, banja lija likukhala mwamantha zaka zonse, galimoto ya polisi ikangodutsa mtima phaa.

Tiyamike: Ndalowa mochedwa koma ndili ndi mfundo. Drishyam sitiionera kuti tidziwe wapha ndani, mwanena nokha kuti zimenezo amationetsa koyambirira. Wopanga mafilimu wotchuka Alfred Hitchcock anafotokozapo kusiyana kwa kudzidzimutsa munthu ndi kumuika pa nthumanzi. Anapereka chitsanzo cha anthu amene akucheza pa tebulo pomwe pansi pake pali bomba. Likangophulika mosayembekezera, oonera adzidzimuka masekondi 15 basi. Koma ukawaonetsa bombalo poyamba, ndi wotchi ikuyenda, akhala mphindi 15 akufuna kukuwa kuti thawani. Vuto la mafilimu ambiri amene ndaonera chaka chino ndi lakuti onse akuthamangira kudzidzimutsa. Amabisa zonse mpaka mphindi zisanu zomaliza, kenako akuti wakupha uja ndi mapasa ake a ekita amene sanatchulidwepo n'kamodzi komwe, kapena akuti zonsezi anali maloto. Kumeneko ndi kubera oonera.

Kondwani: Ya maloto ija ndiye imandinyansa zedi.

Tiyamike: Eya. Yerekezani ndi The Sixth Sense ya 1999. Sindiulula, ngakhale ndikukhulupirira kuti ambiri mukuidziwa. Ukafika kumapeto umagwira pakamwa, koma ukaibwereza umapeza kuti sanakunamize paliponse. Pa tebulo la ku lesitilanti paja, mkazi uja sanamuyang'ane Bruce Willis m'maso, ndipo bilu anaitenga yekha. Zonse zinali poyera, iweyo ndi amene unaziwerenga molakwika. Ine muyeso wanga ndi umenewo: filimu ikatha ndiziti ndinalephera bwanji kuona, osati zachokera kuti zimenezi.

Nabanda: Ndipo Prisoners imakhoza mayeso amenewo. Kawezulo kofiira kaja sikanagwe kumwamba. Ana aja anatuluka m'nyumba tsiku lija ponena kuti akukafuna kawezulo komweko, kamene bambo anapatsa mwana wake kuti aziliza akakhala pangozi. Ndiye pomaliza bambo amene ankadziona ngati mtetezi wa aliyense ndi amene akukaliza.

Amalume Phiri: Zimenezo sindinazione. Ndivomere, pamenepo anaganiza.

Bambo a Mphatso: Ine ndifunse funso lina. Mathero ndi a ndani, a wolemba kapena a ife oonera? Chifukwa ku America asanatulutse filimu amayamba aonetsa gulu la anthu n'kuwafunsa maganizo, ndipo mafilimu ena amasinthidwa chifukwa cha zimenezo. Chenjezo, ndiulula ya kale, Fatal Attraction ya 1987. Mathero oyamba, mkazi wachibwenzi uja, nayenso dzina lake Alex, ankadzipha yekha, mwamuna wachimasomaso uja n'kumangidwa chifukwa zala zake zinadinda pa mpeni. Oonera oyamba sanakondwe, ankafuna mkaziyo alangidwe pamaso pawo. Ndiye anajambulanso, n'kukhala zija za kubafa, mkazi wa kunyumba akumuwombera. Glenn Close, amene anasewera Alex, anakana kwambiri kusinthaku asanagonje. Filimu inagulidwa kwadzaoneni. Koma taonani chimene chinachitika: mwamuna amene anayambitsa zonse posiya banja lake anatsala woyera, akukumbatirana ndi mkazi wake, tchimo lonse n'kugwera mkazi wodwala maganizo.

Mayi a Thoko: Zimakhala choncho nthawi zonse. Wolakwa amakhala mkazi wakunja, bambo amangoti ndinaterereka.

Amalume Phiri: Komatu anthu anatuluka okhutira, si mwatero?

Bambo a Mphatso: Anakhutira amalume, koma anakhutira ndi bodza. Ndi chimene ndimaopa tikamati mathero abwino ndi okondweretsa anthu ambiri.

Kondwani: Koma kusintha sikuipa nthawi zonse. Chenjezo, Get Out ya Jordan Peele, 2017. Anajambula mathero awiri. Oyamba, apolisi enieni akufika, akupeza mnyamata wakuda, Chris, ali pamwamba pa mtsikana wachizungu magazi ali ponseponse, akumumanga, filimu n'kuthera kundende. Amene tinaonera ife, magetsi a galimoto akuthwanima, Chris akukweza manja, tonse mitima yagwa chifukwa tikudziwa chimene chimachitikira munthu wakuda pamalo ngati amenewo, kenako chitseko chikutseguka, ndi mnzake Rod. Ndinaonera pagulu kwa mnzanga ku Dzivarasekwa, anyamata anadumpha mpaka kugwetsa sipika. Kwa ine achiwiriwa ndi opambana chifukwa anatipatsa zonse ziwiri. Masekondi amene Chris wakweza manja aja, mathero oyamba aja tawaona kale m'mutu mwathu. Choonadi chanenedwa. Kenako n'kutipatsa mpumulo.

Tiyamike: Ndipo analandira nayo Oscar ya kalembedwe.

Nabanda: Ndikugwirizana nawe Kondwani, ndipo kusiyana kwake ndi Fatal Attraction n'koonekeratu. Rod sanatulukire kumapeto. Filimu yonse wakhala akuimba foni, akuchenjeza mnzake, wapita kupolisi n'kukasekedwa. Kubwera kwake kunakonzedwa kuyambira pachiyambi. Pomwe kwinaku anachita kusandutsa munthu chilombo kuti apeze chifukwa chomuphera.

Che Jafali: Ndiye mwagwirizana kuti ekita azipulumuka, monga ananenera amalume.

Nabanda: Ayi Che Jafali, ine sindinatero. Apulumuke kapena afe, agwidwe kapena athawe, zonse ndilandira, bola zichokere m'nkhani imene ndakhala ndikuonera. Ndipo ilipo ina imene wakupha sagwidwa n'komwe, koma ndi mathero amene sanandichoke m'mutu mpaka lero. Memories of Murder, ya ku South Korea, 2003, ya Bong Joon-ho yemwe uja anadzapanga Parasite. Bambo a Mphatso, ndiloleni ndiulule, chifukwa popanda kutero mfundo yanga siimveka.

Bambo a Mphatso: Mwachenjeza, pitirizani. Osafuna kumva adumphe.

Nabanda: Nkhani yake ndi yoona. Pakati pa 1986 ndi 1991 akazi khumi anaphedwa m'dera la Hwaseong, kumidzi ya minda ya mpunga, ndipo pamene filimuyi inkapangidwa wakuphayo anali asanadziwike. Ndiye wopanga filimu akanatani? Akanapeka munthu n'kumumanga kuti ife tikagone bwino, pomwe abale a ophedwawo akudziwa kuti si zoona? Mmalo mwake akutionetsa apolisi akumenya anthu osalakwa kuti avomere, mmodzi akudzitama kuti amazindikira chigawenga pongochiyang'ana m'maso. Pomaliza papita zaka, wapolisi uja anasiya ntchito, akugulitsa katundu. Akudutsa pa munda paja, akuima, akusuzumira mu ngalande mmene anapeza mtembo woyamba. Kamtsikana kakumuuza kuti posachedwapa bambo wina anasuzumiranso momwemo, ndipo anati akukumbukira zimene anachita pamenepo kalekale. Wapolisi akufunsa kuti nkhope yake inali yotani. Kamwana kakuti wamba, ngati munthu aliyense. Ndiye Song Kang-ho, amene anasewera wapolisiyo, akutembenuka n'kuyang'ana mu kamera, maso ali pa iwe woonera. Bong ananena kuti ankaganiza kuti wakuphayo adzabwera kudzaonera filimuyi, ndiye ankafuna akumane naye maso.

Amalume Phiri: Ndiye mpaka lero sanapezeke?

Tiyamike: Anapezeka amalume, mu 2019, kudzera mu DNA. Dzina lake Lee Choon-jae. Nthawi yonseyo anali kale m'ndende, akugwira ukaidi wa moyo wonse chifukwa chopha mlamu wake mu 1994. Anavomera kuti anapha anthu 14. Koma pa milandu ya ku Hwaseong sakanaimbidwanso mlandu chifukwa nthawi imene lamulo lawo linkalola inatha mu 2006. Chowawa kwambiri n'chakuti panali bambo wina amene anakhala m'ndende zaka 20 pa umodzi wa milanduyo, atakakamizidwa ndi apolisi kuvomera. Khoti linadzamuyeretsa mu 2020.

Mayi a Thoko: Zaka 20! Mayo ine. Ndiye kuti amene ankafuna mlandu utsekedwe msanga ndi amene anawononga moyo wa munthu ameneyo.

Amalume Phiri: Nkhani imeneyi yandikhudza. Koma ndinenebe maganizo anga, musandione ngati nkhalamba youma mutu. Ya ku Korea iyi ndikuilola, chifukwa zinachitikadi ndipo iwo sakanapeka wakupha. Komanso mmene wafotokozera Nabanda, kuyang'ana mu kamerako ndi kutsanzika kokwanira, munthu ukudziwa kuti wanena zimene amafuna kunena. Chimene sindidzalola ndi aja amasiya nkhani pakati chifukwa akufuna adzatigulitse gawo lachiwiri, kapena chifukwa wolemba anasowa pothera ndiye akubisala kuseri kwa mawu akuti oonera aganize okha. Ndaonera zotero zambiri pa Netflix, magawo asanu ndi atatu, kumapeto palibe chimene chamasulidwa.

Kondwani: Pa zimenezo amalume palibe angakutsutseni. Kusiyanitsa kwake ine ndimaona chonchi: ikatha ndimafunsa ngati wolembayo akudziwa yekha chimene chinachitika. Ukaona kuti naye sakudziwa, wakutayitsa nthawi.

Tiyamike: Koma Bong sankadziwa wakupha, Kondwani.

Kondwani: Sankadziwa dzina, koma ankadziwa chimene akunena, kuti munthuyo ali pakati pa anthu ndipo nkhope yake siisiyana ndi ya wina aliyense. Ndipo zinadzapezeka kuti Lee uja kwawo kunali ku Hwaseong komweko, apolisi anamufunsapo nthawi imeneyo n'kumusiya.

Che Jafali: Ine imeneyi sindinaionere ndipo mwandiululira, koma ndikuifunabe. Ili ndi mawu olembedwa pansi? Chikoreya ndiye sindimva, ndipo ku Limbe kumene ndimagula zomasuliridwa m'Chichewa sindinaione.

Nabanda: Ili ndi mawu a Chingerezi pansi. Ndipo kudziwa mathero sikuiwononga, mudzaona nokha.

Bambo a Mphatso: Ndiye tipange chonchi. Loweruka likubwerali tikumane kwathu ku Mufakose 3 koloko masana, kuli sola ndiye magetsi akathima sitisokonezeka. Tionera Memories of Murder limodzi, amene Chingerezi chothamanga chimawavuta Tiyamike azimasulira. Ana asabwere, muli zithunzi zosayenera. Ochokera ku Chitungwiza nyamukani msanga, makombi a Loweruka masana amavuta.

Mayi a Thoko: Ine ndibwera ndi mbatata yophika ndi tiyi. Koma Tiyamike uyambe waonera Drishyam sabata ino, chifukwa nkhani ya mayi a mnyamata uja sindinamalize nayo ndipo ndikufuna tidzaikambe momasuka.

Tiyamike: Ndiyamba usiku uno mayi. Che Jafali, nditumizireni dzina lenileni la ya Chihindi ija kuti ndisasokoneze ndi gawo lachiwiri.